Kapepala ka adiresi kamene kananditsekereza malipiro ku England

Khadi la ku banki ndili nalo tsopano, malipiro akulowa mu akaunti ya dzina langa, ndiye mtima wakhala pansi moti ndingathe kulemba izi osatukwana munthu. Ndikulembera inu amene mwangofika kumene ku England kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ngati ine, kapena ntchito ina iliyonse. Za viza, za kuyezetsa TB, za ndege, sindinenapo, chifukwa zimenezo aliyense amakuuzani muli kumudzi. Chimene palibe amakuuzani ndi chinthu chotchedwa proof of address, pepala losonyeza dzina lanu ndi nyumba imene mukukhala. Popanda pepala limeneli munthu umakhala ngati kulibe, ngakhale ukugwira ntchito usiku ndi usana.

Ndinafika ku Leeds mu November 2023, nthawi imene kunja kumada 4 koloko madzulo. Chipinda anandipezera ndi achemwali ena a ku Zomba amene timapemphera nawo. Nyumba ya anthu ambiri, khitchini imodzi, lendi ndimapereka kwa eni nyumba pamanja, magetsi ndi gasi zili momwemo. Ndinaona kuti zandiyendera, poti panalibe mabilu oti ndizidandaula nawo. Koma vuto linagona pomwepo: bilu ya magetsi ili m'dzina la eni nyumba, council tax (msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo) m'dzina la eni nyumba, ndipo pepala la mgwirizano wa lendi panalibe. Kuntchito nako amalipira kudzera ku banki basi, palibe zopatsana ndalama mu envulopu. Ndiye onani: kuntchito akufuna akaunti, banki ikufuna bilu kapena mgwirizano wa lendi, ndipo makampani obwereketsa nyumba amene amapereka mgwirizano wolembedwa akufuna sitetimenti ya ku banki ndi mapepala a malipiro. Aliyense akukutumiza kwa mnzake.

Kwathu adiresi ndi P.O. Box ya sukulu kapena ya mpingo, ndipo mlendo timamulondolera kuti akafika pachigayo akhotere kumanzere. Kuno nyumba iliyonse ili mu kompyuta ndi postcode yake (zilembo ndi manambala osonyeza dera la nyumbayo), ndipo kalata imalowa pakabowo ka pachitseko n'kugwera pansi. M'nyumba yathu ija makalata ankaunjikana kuseri kwa chitseko, ena atapondedwa ndi nsapato zonyowa, ambiri a anthu amene anasamuka kalekale. Palibe ankawasankha. Muziwerama tsiku lililonse n'kuwasanthula, chifukwa moyo wanu wonse wa kuno udzera pakabowo kameneko.

Tsopano tsiku limene limandipsetsabe mtima. Banki ina yaikulu mkati mwa tauni inandiuza pafoni kuti kalata yochokera kwa abwana a kuntchito imakwanira. Ndinafunsa mobwereza, anati inde, bola ikhale papepala la kampani ndipo isainidwe. Anandipatsa tsiku lapakati pa sabata, chifukwa otsegula maakaunti sapezeka tsiku lililonse. Ndinapempha mnzanga kuti atenge shifiti yanga. Shifiti ya maola 12 imeneyo ndi ndalama yoposa £120, ndipo ukapanda kugwira palibe amakulipira. Ndinakwera basi m'mawa mvula ikuwaza, pasipoti, khadi la BRP (chiphaso cha chilolezo chokhalira kuno) ndi kalata ija ndili nazo mu pulasitiki kuti zisanyowe.

Mtsikana wa pa desiki anandilandira bwino, kumwetulira ndithu. Anayang'ana pasipoti, anayang'ana BRP, zonse bwino. Kenako analemba postcode mu kompyuta, n'kuyamba kuyendetsa chala pa kalata yanga mzere ndi mzere. Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Kalata ya kuntchito inalemba "Flat 2" kutsogolo kwa nambala ya nyumba, pamene kompyuta yawo nyumba yomweyo inailemba nambala yotsatiridwa ndi chilembo B. Msewu womwewo, postcode yomweyo, chitseko chomwecho. Anati sizikugwirizana, sangapitirize. Ndinamuonetsa mauthenga a pafoni a eni nyumba, ndinamuonetsa kiyi, ndinamupempha kuti aimbire kuntchito kwanga, nambala inali pamwamba pa kalata pomwepo. Anati saloledwa kuimba. Ndinati chabwino, ndiwauze abwana akonze atumize pa imelo pompano ndili pano. Anati ya pa imelo salandira, imafunika yosainidwa ndi cholembera. Ndinafunsa ngati ndingabwere nayo madzulo omwewo. Anati tsiku lotsatira lopezeka ndi pakatha masabata angapo, ndipo anandipepesa ndi mawu ofewa kwambiri. Kupepesa kumeneko kunandiwawa kuposa akanangondikalipira, chifukwa kunalibe kanthu kalikonse m'kati mwake. Pafoni paja akanangonena mawu amodzi, kuti adiresi ilembedwe ndendende monga ilili mu kompyuta, shifiti yanga sikanapita pachabe.

Ndiye mverani, abale anga. Musanapemphe kalata iliyonse, lowani pa intaneti patsamba la Royal Mail (a positi a kuno) lofufuzira postcode, muone mmene nyumba yanu inalembedwera. Koperani chimodzimodzi, chilembo ndi chilembo, ndipo muwapatse abwana anu kuti alembe choncho. Dzinanso likhale monga lilili mu pasipoti, lonse, ngakhale lapakati limene simuligwiritsa ntchito.

Mwezi umene ndinafika uja ndi umene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti kumudzi. Zinthu zinakwera usiku umodzi, ndipo foni yanga sinkapuma: feteleza, fizi, ngongole ya tikiti ya ndege. Akuganiza kuti uli ku UK ndiye ndalama zikungotuluka, pamene iwe ulibe ngakhale khadi lotumizira pa Mukuru kapena WorldRemit. Munthu wina anandiuza kuti ndingopereka akaunti yake kuntchito, malipiro azilowa kwa iye. Ndinakana, ndipo inunso kanani. Makampani ambiri salola, komanso ndalama ikalowa m'dzina la wina ili m'manja mwake. Enanso amabwereketsa adiresi yawo pamtengo. Osayesa. Viza yathu ndi yosachedwa kuwonongeka, bodza limodzi ku banki likhoza kukutsekerani zitseko kwa zaka.

Ndabwerera m'mbuyo pang'ono, chifukwa pali zimene zimayenera kuchitika sabata yoyamba. Kalembetseni kwa GP, chipatala chaching'ono cha m'dera lanu. N'zaulere, ndipo ku England lamulo la NHS, bungwe la boma la zaumoyo, limati sayenera kukukanizani chifukwa chosowa umboni wa adiresi kapena chiphaso. Wa pa desiki akakufunsani bilu, muuzeni mwaulemu kuti mwangofika kumene ndipo mulibe. Mukalembetsa mumapatsidwa nambala ya NHS, ndipo kalata yake imabwera ndi dzina lanu ndi adiresi yanu. Mabanki ena amailandira, ena ayi, koma isungeni. Chachiwiri ndi nambala ya National Insurance, imene boma limakudziwirani pa nkhani za ntchito ndi msonkho. Ena inkalembedwa kuseri kwa BRP. Ngati mulibe, funsirani pa gov.uk, tsamba la boma la pa intaneti, ndipo n'zaulere. Pali masamba ena a pa intaneti ooneka ngati aboma amene amalipiritsa, athaweni. Mukhoza kuyamba ntchito nambalayo isanabwere, bola mwaonetsa kuti muli ndi chilolezo chogwira ntchito. Makalata a boma otere, makamaka a HMRC a zamsonkho, ndi amene mabanki amawalemekeza kwambiri. Pa fomu iliyonse lembani adiresi mofanana, monga ilili ku Royal Mail.

Chimene chinandipulumutsa ndi mnyamata wa ku Zimbabwe amene timagwira naye usiku. Atamva nkhani yanga anangotenga foni yanga n'kundionetsa mabanki a pafoni, monga Monzo ndi Starling. Alibe nthambi yoti upiteko. Umajambula chiphaso chako, umadzijambula kavidiyo kakafupi ukulankhula, umalemba adiresi, ndipo khadi amakutumizira pa positi ku adiresi yomweyo. Ndinachita zimenezi pa nthawi yopuma, m'kachipinda ka antchito, tiyi ali pambali. Nambala ya akaunti ndi sort code (nambala yosonyeza bankiyo) ndinazipeza khadi lisanafike, n'kuzipereka kuntchito. Koma tsiku lotsekera malipiro a mwezi umenewo linali litadutsa kale, ndiye ndalama yoyamba ndinailandira mochedwa, ndikudya za achemwali a ku Zomba aja, Mulungu awadalitse. Funsani kuntchito tsiku limene amatseka mndandanda wa malipiro, si lofanana ndi tsiku lolandira.

Khadi lija ndinalipeza mu mulu uja wa kuseri kwa chitseko, pansi pa mapepala otsatsa pizza. Envulopu yake ndi yoyera, yopanda chizindikiro, yosavuta kuitaya.

Malipiro atabwera anali ochepa kuposa mmene ndinawerengera. Yang'anani tax code papepala la malipiro. Ya anthu ambiri ndi 1257L, kutanthauza kuti £12,570 yoyamba pachaka sidulidwa msonkho. Mukaona BR kapena 0T ndiye kuti akukudulani pa ndalama yonse, kawirikawiri chifukwa fomu ya woyamba ntchito, starter checklist, sinadzazidwe kapena sinafike. Ndalamayo imabwezedwa code ikakonzedwa, koma muyenera kuilondola nokha.

Ku banki yaikulu ija sindinabwerereko. Ndinapita ku ina patapita miyezi, nditanyamula kalata ya HMRC ndi sitetimenti ya banki ya pafoni, ndipo zinatheka tsiku lomwelo. Mukakanidwa akaunti wamba chifukwa mulibe mbiri ya ngongole kuno, funsani basic bank account. Mabanki akuluakulu amayenera kukhala nayo, ilibe malipiro a pamwezi, koma sakonda kuitchula okha. Ndipo musanataye shifiti, afunseni akutumizireni mndandanda wa mapepala amene amalandira, wolembedwa. Zongouzidwa pafoni ndinaziona ine.

China chimene ambiri sadziwa: Malawi ili mu Commonwealth, choncho Mmalawi amene ali ndi chilolezo chokhala kuno akhoza kulembetsa m'kaundula wa ovota. Ngakhale ndale za kuno zisakukhudzeni, kulembetsako kumathandiza, chifukwa mabanki ndi makampani a foni amayang'ana m'kaundula ameneyu potsimikiza kuti mumakhaladi pamene mukunena. Amafunsa nambala ya National Insurance, ndiye yambani ndi imeneyo.

Amene mukubwera panopa BRP simuiona, makadi aja anatha ntchito pa 31 December 2024. Zonse zili pa eVisa, viza ya pa intaneti, mu akaunti ya UKVI, ofesi ya boma yoona za maviza. Abwana kapena eni nyumba akafuna umboni mumawapatsa share code, nambala yoti aonere chilolezo chanu pa intaneti, imene imagwira ntchito masiku 90. Samalani, code ya ntchito ndi yosiyana ndi ya lendi. Mukapereka yolakwika amakubwezani. Imelo ndi nambala ya foni zimene munalembetsera akaunti imeneyo zikhale zanu, osati za munthu amene anakuthandizani kufunsira viza.

Za nyumba ndinenenso, poti gwero la mavuto onsewa linali chipinda chopanda pepala. Ku England dipoziti siyenera kupitirira lendi ya masabata 5 pa nyumba wamba, ndipo eni nyumba ayenera kuiika ku bungwe lovomerezeka losunga madipoziti pasanathe masiku 30, n'kukupatsani umboni wake. Ndalama yongogwirira chipinda isapitirire lendi ya sabata imodzi. Koma ngati mukukhala nyumba imodzi ndi mwini wakeyo, chitetezo cha dipoziti chimenechi sichikukhudzani, ndiye pamenepo pepala lolembedwa ndi lofunika koposa. Ngakhale mwini nyumbayo akhale Mmalawi mnzanu, wa mpingo umodzi, pemphani pepala. Ena amakhumudwa, amati simukuwakhulupirira. Auzeni kuti ndi la ku banki, chifukwa ndi zoona.

Panopa ndapeza chipinda china pafupi ndi kuntchito. Ndawauza bambo a nyumbayo kuti sindipereka ngakhale £1 ndisanaone mgwirizano wa lendi wokhala ndi dzina langa lonse ndi adiresi yolembedwa monga ilili ku Royal Mail, ndipo avomera. Ndikangosamuka ndiyenera kusintha adiresi ku banki zonse ziwiri, kwa GP, ku HMRC, kuntchito, m'kaundula wa ovota ndi mu akaunti ya UKVI, ndipo ndapempha achemwali aja kuti azindisungira makalata amene adzapitirire kugwera kunyumba yakale.