Mpeni wanga wa masentimita 30

Mlamu wanga ndi mmodzi mwa anthu aja okonda kukagona m'nkhalango pomwe kunyumba palibe wawathamangitsa. Atandikopa kuti ulendo wotsatira tipitire limodzi, anati tenti, zingwe ndi zofunda ali nazo, ine ndingopeza mpeni. Anachita kundilembera pa foni: usakhale wopinda, poti wopinda umagonja polumikizira paja ndipo ukhoza kukutsekera zala; chitsulo chake chitalike masentimita 10 kapena 11 basi; ndipo chitsulocho chilowe m'chogwirira mpaka kumapeto. Mfundo yachitatuyi anailemba ndi zilembo zikuluzikulu, koma ine maso anali atakodwa kale pa yachiwiri.

Masentimita 10! Ndinayeza pa rula n'kuseka ndekha. Munthu wamkulu, bambo wa ana, n'kulowa m'nkhalango ndi kampeni kowengera zikhadabo? Ndinalowa pa intaneti, ndipo sindinachedwe kuupeza wondiyenera. Chitsulo chakuda bii, masentimita 30, chochindikala mamilimita 6, kumsana kuli mano a sowo. Koma chimene chinandimaliza ndi chogwirira. Chinali champhako, chokhala ndi chivindikiro chopotokola, ndipo m'katimo munali machesi, mbedza, chingwe chowedzera ndi singano. Pachivindikiropo panali kampasi. Mipeni yotereyi inatchuka m'zaka za m'ma 1980 chifukwa cha mafilimu ankhondo, momwe anyamata a minofu ankapulumuka nayo m'tchire, ndipo ine mafilimuwo ndinakula nawo. Mlamu ankandiuza za chida chimodzi, ine ndinali nditapeza zida zonse m'chimake chimodzi.

Tsiku la ulendo ndinaumangirira palamba. Mlamu anauyang'ana, anayang'ana ine, n'kufunsa: "Alamu, tikukagona kapena tikukalanda boma?"

Sindinamuyankhe. Wake anali Morakniv Companion, kampeni ka chogwirira chapulasitiki kochokera ku Mora m'dziko la Sweden, kumene fakitale yake inayamba mu 1891. Chitsulo chake n'cha mamilimita 104 m'litali, 2.5 kuchindikala. Ndinakamvera chisoni.

Panjira, chimake cha mpeni wanga chinkandimenya bondo phazi lililonse, ndipo kulemera kwake kunkatsitsa buluku mbali imodzi, moti dzanja lamanja linali ndi ntchito yake yakeyake ulendo wonse. Titafika pamphambano ndinati apa ndiye muone zimene ndinagulira. Ndinasolola mpeni n'kuyang'ana kampasi. Muvi wa kampasi umakokedwa ndi chitsulo chilichonse chimene chili pafupi, ndipo wangawo unali utakhala pamwamba pa chitsulo chotalika ngati mkono wa mwana. Ndikapendeketsa mpeni, kumpoto kunkasamuka. Ndikatembenuka, kunkanditsatira.

"Kumpoto kwanu kukuyendayenda, alamu," anatero mnzangayo, n'kulowa njira yamanzere osandidikira.

Ntchito yoyamba pomanga tenti inali kusema zikhomo. Apa m'pamene kampeni kaja kanayamba kundipsetsa mtima. Kanoledwe kake n'kamene amati Scandi: mbali iliyonse ili ndi malo amodzi otakata otsetserekera kukamwa, popanda kanzere kena kachiwiri, ndiye kakakhudza mtengo kamaluma pomwepo n'kumayenda mmene dzanja lafunira. Mlamu ankangoti pala, pala, kutema kamphako kokolera chingwe, chikhomo pansi, n'kutenga china. Uku akundisimbira za Mors Kochanski, mphunzitsi wa za m'tchire wa ku Canada amene anamwalira mu 2019, yemwe ankaphunzitsa kuti chitsulo cha mpeni chizingofanana ndi mulifupi mwa chikhatho cha mwiniwake. Ntchito yambiri yosema, anatero mlamu, imachitikira pafupi ndi chogwirira, ndiye masentimita otsalawo ndi katundu chabe.

Ine ndinali pa chikhomo changa choyamba. Chitsulo chochindikala sichilowa mumtengo, chimangotereka kapena kubenthula chibenthu chachikulu. Nditaona mnzanga akukankha msana wa mpeni ndi chala chachikulu kuti aseme mosamala, ndinachita chimodzimodzi, kuiwala kuti kumsana kwa wanga kuli mano. Ndinayamwa chalacho mwakachetechete, kuyang'ana kumitengo ngati ndikuwerenga mbalame.

Mwayi wobweza ulemu wanga unafika ndi nkhuni. Kunali kutagwa mvula, nkhuni zonse zitanyowa kunja, ndipo zikatero pamafunika kuziwaza kuti upeze zouma za m'kati. Popanda nkhwangwa, umaika mpeni pamwamba pa chikuni n'kumamenya msana wake ndi chibonga mpaka chikunicho chitang'ambika. Mlamu anasankha timitengo tating'ono towongoka. Ine ndinakoka chipika chonenepa, cha mfundo pakati.

"Chimenecho chisiyeni, alamu."

"Imani uko, muone ntchito ya akuluakulu."

Go! Mpeni unalowa. Go! Unalowabe. Ndinamuyang'ana mlamu kuti aone bwinobwino. Utafika pamfundo unaima nji. Ndinakanikiza chogwirira ndi mphamvu zanga zonse, kukweza chibonga mpaka kuseri kwa mutu, n'kutsitsa.

Thyoo!

Chitsulo chinatsala m'chipika. Chogwirira chinatsala m'dzanja langa, koma ine sindinatsale pomwe ndinali. Ndinagwa chagada, chivindikiro chinafwamphuka, ndipo chuma chonse cha m'mphako muja chinamwazika balala. Machesi anagwera mu udzu wonyowa. Kampasi inagubudukira kumene sindikudziwa, mwina kumpoto. Singano sitinaionenso. Mbedza zokha ndi zimene sizinasowe, chifukwa podzuka ndinakhala pansi kaye kuti ndipume, ndipo ndinazipeza.

Kukuwa kumene ndinakuwa, mbalame zonse za m'deralo zinasintha malo ogona.

Mlamu anaseka mpaka kugwira mtengo. Atapeza mpweya anandiuza kuti ndiwerame ndigwire chipika chija, ndipo ndili chiweramire choncho, iye ali kumbuyo kudula buluku langa ndi kampeni kake, anaona kuti nthawi yabwino ya phunziro ndi imeneyi.

"Mukuona, alamu, chogwirira chikakhala champhako, chitsulo chilibe kolowera. Musagwedezeke. Chanuchi chinangolowa kachidutswa kochepa, n'kumangidwa ndi kabawuti. Mphamvu yonse ya chibonga imathera pa kabawuti kameneko. Mpeni wowazira nkhuni umafunika ukhale chitsulo chimodzi kuyambira kunsonga mpaka kumapeto kwa chogwirira, matabwa awiri angophatikizidwa m'mbali. Ndati musagwedezeke."

"Ndiye wanuwo chitsulo chinafika kumapeto?" ndinafunsa mano ali gwa.

"Ayi, chinalekezera chapakatikati kupitirira pang'ono. N'chifukwa chake sindilimbana ndi zipika za mfundo. Pumirani m'kati."

Mwamwayi mbedza imodzi yokha ndi imene inafika pakhungu, ndipo kandowe kake kaja sikanalowe. Zinazo zinakhutira ndi nsalu. Anatsuka pabalapo, kumata pulasitala, n'kundiuza kuti tikabwerera ndikafunse za jakisoni wa kafumbata. Ndinamupempha kuti nkhaniyi ithere m'nkhalango momwemo. Anati aganizira.

Moto anayatsa yekha. Anapala kamtengo kouma mpaka kanachita timapotopoto topyapyala, n'kutulutsa kandodo ka ferrocerium, chitsulo chomwe chija chimakhala m'malaita, chimene Carl Auer von Welsbach wa ku Austria anatulukira mu 1903. Anakakwecha ndi msana wa mpeni wake, umene anachita kuupala ndi fayilo kunyumba kuti ukhale wa ngodya yakuthwa, ndipo moto unathetheka n'kugwira. Ine ndinawotha choimirira. Kenaka anasema kamtengo kolimba kosongoka, kukakhomera mumng'alu wa chipika chija, chipika n'kuyasama, chitsulo changa n'kugwa pansi chopanda mwini.

Ndiyenera kunena, poti chilungamo n'chofunika, kuti chipikacho chinali choipa mtima. Mfundo yake sinali yachibadwa.

Pofika madzulo tinapeza kuti zikhomo zaperewera chimodzi, chija ndinkasema ine. Mlamu anayang'ana uku ndi uku, anatola chitsulo changa cha masentimita 30, kuchikhomera pansi ndi chibonga changa chomwe, n'kukoletsa chingwe cha tenti m'mano a sowo aja. Chingwe chinagwira bwino kwambiri moti anachita kuimba mluzu.

Usiku kunabwera chimphepo. Ndinachimva chonse, chifukwa ndinagona chafufumimba ndipo tulo sitinabwere. Zikhomo za mlamu, zosemedwa mwaluso ndi mpeni wa ku Sweden, zina zinazuka, mbali yake ya tenti n'kumugwera kumaso. Anatuluka mumdima akung'ung'udza, kufufuza zingwe ndi tochi kukamwa. Mbali yanga sinagwedezeke n'komwe.

"Alamu," ndinamuitana ndili m'zofunda, "mukafuna adiresi ya kumene ndinagula, mundiuze."