Nambala imodzi, nandolo wamitundu iwiri

Lolemba m'mawa, ndisanayatse n'komwe kompyuta, abwana anandiitanira mu ofesi mwawo. Ndinawapeza ali ndi bambo wina wachikulire, jekete lake losita bwino koma nsapato zitafiira ndi fumbi. Anali tcheyamani wa kopaletivi ya alimi a nandolo a ku Phalombe, ndipo anali atalawirira kukwera minibasi yoyamba.

Ofesi yathu ili ku Limbe, pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Tilipo anthu anayi. Timalembera anthu mapulani a bizinesi ndi malipoti a misika, ndipo ine gawo langa ndi la malonda opita kunja kwa dziko. Atcheya anafotokoza kuti alimi awo atopa ndi kugulitsa nandolo kwa mavenda pa sikelo ya pansi pa mtengo. Akufuna ngongole ku banki kuti agule makina osenda ndi kuswa nandolo, azigulitsa kunja ali wa chipere, uja a ku India amamutcha dhal. Banki inawauza kuti abweretse umboni woti msika ulipo, ndipo tsiku lomaliza linali Lachisanu.

"Mayi," anatero akundiyang'ana, "ife timangomva kuti nandolo wathu amapita ku India. Amapita bwanji, kumeneko amagulidwa zingati, palibe amatiuza. Timangoona thiraki ikutuluka."

Pa ntchito yanga iyi, katundu alibe dzina, ali ndi nambala. Makasitomu a dziko lonse amagwiritsa ntchito ndondomeko imodzi ya manambala yotchedwa Harmonized System, mwachidule HS, yomwe bungwe la World Customs Organization la ku Brussels limayang'anira kuyambira 1988. Manambala asanu ndi limodzi oyambirira ndi ofanana kulikonse. Tiyi ali pa 0902, soya pa 1201, mtedza pa 1202, fodya wosakonza pa 2401. Nandolo wouma ali pa 0713.60. Ukaphonya nambala, zonse zomwe upeze pambuyo pake ndi za katundu wa munthu wina. Lolemba lonselo ndinangotsimikiza nambalayi m'buku la misonkho la MRA ndi kulemba mafunso omwe banki ingafunse.

Lachiwiri ndinalowa mu Trade Map. Iyi ndi nkhokwe ya ziwerengero za malonda ya bungwe la International Trade Centre la ku Geneva, ndipo anthu a m'mayiko osauka ngati lathu timalembetsa ulere. Zambiri za mmenemo zimachokera ku UN Comtrade, nkhokwe yaikulu ya United Nations yomwe ili ndi ziwerengero kuyambira 1962. Comtrade ndi mgodi, Trade Map ndi sitolo yomwe zinthu zake zinayalidwa kale m'mashelefu. Ukalemba nambala ya katundu umaona yemwe amagula, yemwe amagulitsa, matani angati, ndalama zingati, chaka ndi chaka.

Zomwe zinatuluka sizinandidabwitse. Wogula wamkulu wa nandolo ndi India, ndipo amene amamugulitsa kwambiri ndi Mozambique, Myanmar, Tanzania, Sudan ndi ife. Mnyamata wina yemwe ali nafe pophunzira ntchito anasuzumira pa sikirini yanga n'kufuula kuti, "Aaa, ndiye kuti malonda a nandolo anayamba 2012?" Zaka za m'mbuyo mwake zinali mbee, zopanda kanthu. Ndinaseka chifukwa inenso ndinagwa m'dzenje lomweli nditangoyamba ntchito. Nandolo anapatsidwa nambala yakeyake pamene HS inakonzedwanso mu 2012. Kale ankamuwerengera limodzi ndi mbewu zina za mtundu wa nyemba pa 0713.90. Agogo athu ankagulitsa nandolo ku Limbe kuno mnyamatayo asanabadwe, koma kompyuta siikudziwa zimenezo.

Vuto lenileni ndinalipeza masana. Mutu wa 0713 umanena za mbewu zouma zomenyamenya, kaya ndi zosenda ndi zoswa kapena ayi. Ndiye kuti nandolo wathunthu wa m'thumba la venda ndi dhal wosenda bwino wa m'paketi, onse ali pa nambala imodzi. Atcheya akufuna kudziwa msika wa dhal, ndipo nkhokwe yaikulu kwambiri yomwe ndili nayo siitha kuwasiyanitsa awiriwa. Ndikanati ndingokopera mizere ija n'kulemba kuti msika wa dhal ku India ndi waukulu chonchi, banki ikanakhulupirira, chifukwa tebulo la manambala limaoneka loona. Likanakhala bodza lovala tayi.

Njira yozungulira ilipo, ngakhale ndi yongoyerekeza. Umatenga ndalama zonse za katundu wopita ku dziko lina n'kugawa ndi matani ake, upeze mtengo wa tani imodzi. Kumene mtengo wa tani uli wokwera kwambiri koma matani ndi ochepa, nthawi zambiri kumapita wosenda. Kumene kukupita matani ankhaninkhani pa mtengo wotsika, ndi wathunthu. Nditachita zimenezi dziko ndi dziko, chithunzi chinayamba kuoneka. India amafuna wathunthu, chifukwa ali ndi zigayo zake za dhal zambirimbiri zomwe zimafuna zogaya. Wosenda amapita kumene kuli anthu ochokera ku India koma nandolo salimidwa, monga ku Britain ndi ku Dubai. Misika imeneyi ndi yaing'ono, ndipo imayang'ana kwambiri maonekedwe ndi ukhondo wa katundu.

Ndinayang'ananso malondawo kuchokera mbali ya wogula. Zomwe Malawi amalemba kuti watumiza ku India ndi zomwe India amalemba kuti walandira kuchokera ku Malawi sizifanana, ndipo siziyenera kufanana ndendende. Ife timalemba mtengo wa katundu potuluka, iwo amawonjezerapo ndalama ya sitima ndi inshuwalansi. Kontena yotuluka mu Disembala imafika chaka chinacho. Koma kusiyana kukakula mopitirira zifukwa ziwirizi, umadziwa kuti pali nkhani ina yomwe siili pa sikirini. Ndinalemba funsolo pa kapepala n'kumata pa khoma.

Lachitatu linali la malamulo. Market Access Map, ya bungwe lomwe lija la ku Geneva, imaonetsa msonkho womwe katundu wako akalipire polowa m'dziko lina. Kwa ife msonkho ku India si nkhani yaikulu, popeza kuyambira 2008 dzikolo limalola katundu wambiri wa mayiko osaukitsitsa kulowa popanda msonkho. Chomwe chimaopsa ndi chipata chenichenicho, ndipo kiyi wake ali ndi ofesi ya boma la India yotchedwa DGFT, yomwe imalengeza pa intaneti katundu wololedwa ndi woletsedwa. Ndinawerenga zidziwitso zake za nandolo chimodzichimodzi. Mu Ogasiti 2017, alimi a ku India atakolola zochuluka, boma lawo linalamula kuti nandolo wolowa asapitirire matani 200,000 pa chaka. Mozambique anali ndi pothawira, chifukwa anali atasainirana mgwirizano ndi India mu 2016. Ife tinalibe. Mgwirizano wathu unabwera mu 2021, wa matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu, ndipo chaka chomwecho India anatsegulanso chipata kwa aliyense. Kuyambira pamenepo wakhala akuwonjezera nthawi pang'onopang'ono, chidziwitso ndi chidziwitso.

Ndinawaimbira atcheya kuwafunsa ngati akukumbukira 2017. Anakhala chete kanthawi.

"Mayi, chaka chimenecho musachitchule. Nandolo anadyedwa ndi anankafumbwe m'nyumba. Ena anadula mitengo yake n'kusonkhera moto. Chakudza sichiimba ng'oma."

Sindinawatsutse pa foni, koma mumtima ndinati ng'omayo inalira, kungoti inalirira ku New Delhi, m'chingerezi, pa tsamba lomwe palibe mlimi wa ku Phalombe analitsegulapo. M'lipoti ndinaikamo tsamba lathunthu lofotokoza mmene mlembi wa kopaletivi angamayang'anire zidziwitsozi pa foni yake, makamaka chakumapeto kwa Malichi, poti chaka cha boma la India chimayamba pa 1 Epulo.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinapalamula. Ndinalowa mu Agmarknet, momwe boma la India limalemba mitengo ya tsiku ndi tsiku ya m'misika yake ya mbewu, n'kuyang'ana misika ikuluikulu ya nandolo monga Latur, Akola ndi Kalaburagi. Kumeneko nandolo amamutcha tur kapena arhar, ndipo ukalemba dzina lachingerezi ukhoza kubwerako chimanjamanja. Mitengo amailemba pa kwintala. Mutu wanga, wozolowera thumba la makilogalamu 50, unangotenga kwintala ngati thumba. Phindu lomwe linatuluka linali loti alimi onse a ku Phalombe agula magalimoto chaka chimodzi. Ndinalionetsa kwa abwana ndikumwetulira. Anavula magalasi n'kufunsa mofatsa kuti, "Chemwali, kwintala ndi makilogalamu angati?" Ndi 100. Ndinabwerera pa mpando wanga mwakachetechete n'kugawa zonse pawiri. Mwachitsanzo, mtengo womwe boma la India linalonjeza alimi ake mu nyengo ya 2024/25 unali marupi 7,550 pa kwintala, kutanthauza marupi 75.50 pa kilogalamu, osati 151 monga ndinali nditalembera.

Lachinayi magetsi anazima 9 koloko isanakwane, mafuta a jenereta kunalibe. Ndinachotsa kapepala kaja pa khoma n'kupita kwa mkulu wina yemwe wagwira ntchito yotulutsa ndi kulowetsa katundu pa kasitomu kwa zaka zambiri. Ofesi yake ndi kachipinda kodzaza mafayilo, koma njira ya Mwanza, Tete mpaka ku Beira amaidziwa ngati njira ya ku dimba kwawo, chimodzimodzinso njanji ya Nayuchi yopita ku doko la Nacala.

Nditamuonetsa manambala osagwirizana aja anaseka mpaka kutsokomola. "Achemwali, kompyuta yanuyo imaona chokhacho chomwe chadutsa pa windo la kasitomu ndi fomu. Pitani ku Muloza nthawi yokolola mukaone njinga. Thumba likawoloka kupita ku Milange, basi lasanduka la ku Mozambique. Chaka china mitengo ikakhala bwino kuno, lawo limasanduka lathu." Anawonjezera kuti katundu wambiri amagulidwa ndi amalonda a ku Dubai kapena ku Singapore, choncho dziko lolembedwa pa fomu nthawi zina ndi la wolipira ndalama, pomwe kontenayo yalunjika kwina.

Anandiwerengeranso mapepala pa zala: fomu ya CD1 yomwe imadutsa ku banki kuti Reserve Bank idziwe kuti ndalama zakunja zibwerera, chiphaso cha za umoyo wa mbewu chomwe akatswiri a ku Bvumbwe amapereka akayendera katundu, chiphaso chosonyeza dziko lomwe katundu wachokera, ndi umboni woti anafukizidwa mankhwala ophera tizilombo, zomwe India salekerera. Zambiri mwa izi zinalembedwa pa Malawi Trade Portal, ndipo ndinali nditaziwerenga kale. Chomwe mkuluyu anandipatsa ndi dongosolo lake: pepala liti liyambe, liti limadikira linzake, ndi nthawi iti ya chaka yomwe makontena amasowa chifukwa aliyense akuthamangira kuti nandolo afike ku India chikondwerero cha Diwali chisanakwane, alimi a kumeneko asanayambe kukolola wawo chakumapeto kwa chaka. Mpata wathu wonse ndi miyezi yochepa imeneyo. Ndinamugulira Fanta ndi mandasi awiri, ndipo ndinaona kuti ndamubera.

Lachisanu ndinalemba gawo la makina ndi ndalama. Makina otere ali pa 8437, ndipo ndinawauza atcheya kuti asanalipire kalikonse akafunse ku MRA ndi ku MITC, bungwe la boma lolimbikitsa malonda ku Lilongwe, ngati pali kuchotseredwa msonkho kwa ogula makina opangira katundu wotumiza kunja. Kalata ya banki inkafunanso kuti titchule pomwe Malawi ali pa mndandanda wa Doing Business, lipoti loyerekeza mayiko pa kuphweka kochita bizinesi. Ndinalemba mwaulemu kuti World Bank inasiya kutulutsa lipotilo mu 2021. Ndinayang'ana mu World Investment Report ya UNCTAD, bungwe la United Nations loona za malonda, koma imeneyo imanena za makampani akuluakulu oika mamiliyoni a madola m'mayiko ena, ndipo kopaletivi ya ku Phalombe simo. Ndinaitseka. Chofunika kwambiri chinali kwacha. Makina amagulidwa m'madola, ndipo aliyense amene anali ndi kotesheni m'manja mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, akudziwa zomwe zinamuchitikira. Ndinawerengera ngongoleyo kawiri, pa mtengo wa dola wa lero ndi pa mtengo woipirapo.

Atcheya anafika 3 koloko. Ndinawauza mosabisa kuti makina aakulu omwe ankawafuna sindikuwaonera msika. India safuna dhal wathu wambiri, ndipo ku Limbe kuno kuli kale zigayo za dhal zomwe zili ndi makasitomala awo akunja. Lipoti likuti ayambe ndi makina opeta ndi kusankha nandolo wathunthu, amange nkhokwe yabwino, azigulitsa pamodzi kwa otumiza kunja m'malo mwa thumba limodzilimodzi kwa venda, ndipo za dhal adzaziganizire akadzapeza wogula wolemba kalata.

Sanasangalale. Anatembenuza masamba pang'onopang'ono, n'kuima pa tebulo la mitengo ya tani.

"Ndiye ndikawauze anthu kuti chigayo chija palibe?"

"Mukawauze kuti chayamba chadikira, bambo."

Anapinda lipotilo n'kuliika m'thumba la mkati la jekete. Ali pa khomo anatembenuka n'kufunsa ngati nambala ija ilinso ya chitowe, poti alimi ena a kumunsi ayamba kulima. Ndinawauza kuti chitowe chili ndi yake, 1207.40. Anatulutsa cholembera n'kuilemba pa chikhatho, kenaka anatsika masitepe kuthamangira minibasi ya ku Phalombe.