Pulogalamu yokonzera kompyuta ikamakana kulowa

Makompyuta ambiri a patebulo omwe timakonza kuno ku Mulanje, kuchokera ku Chitakale mpaka ku Limbuli, ndi ogwirapo kale ntchito: ma Dell OptiPlex, ma HP ndi ma Lenovo ThinkCentre ogulidwa ku Limbe. Mwini wake amabwera atayesa kale yekha kuika pulogalamu yokonzera, ndipo dandaulo limakhala lomwelomwelo: yakana kulowa, kapena yalowa koma ikuhang'a pakati. Ine sindiyambira pa pulogalamuyo. Kawirikawiri imakhala ilibe mlandu. Imakana chifukwa makina omwe ikuikidwamo ali ndi vuto lina pansi, ndipo mukaikakamiza mutha kutaya mafayilo omwe akanapulumuka.

Ndimayamba ndi tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. Ngati kompyuta ikusonyeza chaka chakale nthawi zonse mukaichotsa kumagetsi, batire laling'ono lozungulira la pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta) latha. Ndi la CR2032, la ma volt 3. Tsiku likalakwika, masamba a intaneti amakana kutseguka ponena kuti satifiketi yawo si yodalirika, Windows Update imalephera, ndipo mapulogalamu omwe amakoka mafayilo ena pa intaneti pamene akulowa amangoima. Ndimasintha batirelo, kukonza tsiku mu BIOS (pulogalamu yoyambitsa makina Windows isanayake), kenako ndikupitirira. Poti bokosi latsegulidwa kale, ndimasuzumiranso kumbuyo kwa power supply (kabokosi kolandira magetsi). Zina zakale zili ndi kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230. Magetsi athu ndi 230, ndipo kakakhala pa 115 power supply imapsa pomwepo mukangolumikiza.

Chachiwiri ndi RAM (timabolodi tosunga zinthu kwakanthawi kompyuta ikamagwira ntchito), ndipo pamenepa nyengo yathu imatengapo mbali. M'miyezi ya chiperoni komanso nthawi ya dzinja, chinyontho chimasakanikirana ndi fumbi n'kuchititsa dzimbiri timano tagolide ta RAM. Zizindikiro zake zimasocheretsa: fayilo yabwinobwino imanenedwa kuti ndi yowonongeka, uthenga wa CRC umatuluka pomasula zip, kapena sikirini imasanduka yabuluu pakati pa ntchito. Ndimazimitsa, kuzula chingwe cha magetsi, kuchotsa RAM, kupukuta timanoto ndi labala woyera wofufutira pensulo, n'kubwezera mpaka tizitsulo ta m'mbali titagwira. Kenako ndimayendetsa MemTest86, pulogalamu yoyesa RAM, kuchokera pa fulashi. Payokha imazungulira kanayi. Cholakwika chimodzi chokha chikatuluka, ndimayesa RAM imodziimodzi, komanso m'malo ake osiyanasiyana, kuti ndidziwe ngati yodwala ndi RAM kapena slot.

Pa hard disk ndi pomwe ndimakhalitsa, chifukwa ndi pomwe anthu amataya zinthu. Ndimagwiritsa ntchito CrystalDiskInfo, pulogalamu yoonetsa thanzi la disk, yosafuna kuikidwa, yongotsegula kuchokera pa fulashi. Ikasonyeza mtundu wabuluu ndi mawu oti Good, ndimapitirira. Ikasonyeza wachikasu ndi Caution, ndimayang'ana mizere itatu: 05, C5 ndi C6. Mzere wa 05 ukuwerenga timagawo ta disk tomwe tinafa n'kulowedwa m'malo, C5 ndi tomwe tikukayikitsa pakali pano, ndipo C6 ndi tomwe talephereka kuwerengedwa. C5 kapena C6 ikapitirira ziro, ndimasiya zonse n'kuyamba kukopera mafayilo a mwini wake ku disk ina. Sindiyendetsa lamulo lounika disk la chkdsk /r pa disk yotere ndisanakopere. Lamuloli limawerenga disk yonse kwa maola ambiri, ndipo disk yotsala pang'ono kufa imatha kufera pomwepo. Ngati mafayilo anafufutika kale, mapulogalamu obwezeretsa mafayilo monga Recuva kapena PhotoRec musawaike pa disk yomwe mukufuna kupulumutsayo, ndiponso zomwe zapezeka musazisunge pomwepo. Chilichonse cholembedwa pamenepo chingakwirire fayilo yomwe mukuifunayo.

Makina akapezeka kuti ali bwino, m'pamene ndimatembenukira ku pulogalamu. Ndimayamba kukayikira fayilo yomwe inadawunilodidwa. Netiweki ikaduka, kapena bandulo ikatha pakati, fayilo imatsala yoperewera koma dzina lake limaoneka lathunthu. Ndimayerekeza kukula kwake ndi kumene kwalembedwa pa tsamba la opanga. Ngati opangawo anaika nambala ya SHA-256, yomwe ili ngati chidindo cha fayiloyo, ndimatsegula Command Prompt n'kulemba certutil -hashfile, dzina la fayilo, kenako SHA256. Nambala zikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, fayiloyo ndi yotaya. Mukangolumikiza foni ku kompyuta, ikani intanetiyo pa Metered connection, apo ayi Windows idya bandulo yanu ya Airtel kapena TNM mwakachetechete pamene inu mukudikira fayilo ya ma MB ochepa.

Ndisanaike kanthu ndimapanga restore point (malo obwezerapo Windows zinthu zikalakwika), kudzera mu sysdm.cpl pa gawo la System Protection. Ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Tsopano mauthenga okana aja. Bokosi labuluu loti Windows protected your PC ndi SmartScreen. Ngati fayilo yachokera kwa opanga enieni, dinani More info kenako Run anyway. Pulogalamu yobwera mu zip imasuleni kaye yonse mu foda, chifukwa mukaitsegula ili m'kati mwa zip imalephera kupeza mafayilo anzake. Mapulogalamu okonzera amafuna mphamvu za woyang'anira, choncho ndimadina batani lakumanja la mausi n'kusankha Run as administrator. Uthenga woti This app can't run on your PC kawirikawiri umatanthauza kuti mwatenga pulogalamu ya 64-bit pomwe Windows yanu ndi ya 32-bit. Onani pa Settings, System, About.

Ikanena kuti VCRUNTIME140.dll kapena MSVCP140.dll ikusowa, musapite kokasaka fayilo imodziyo pa masamba ogawa ma DLL. Chosowa ndi Visual C++ Redistributable ya 2015 mpaka 2022 yochokera ku Microsoft, ndipo pa Windows ya 64-bit ndimaika zonse ziwiri, x86 ndi x64, chifukwa mapulogalamu ambiri okonzera akadali a 32-bit. Kutola ma DLL mwachisawawa ndi kumene kumabala nambala ya 0xc000007b, yomwe imatuluka mafayilo a 32 ndi 64 akasakanikirana. Mapulogalamu akale amafuna .NET Framework 3.5, ndipo popanda intaneti yabwino kuika kwake kumafera pa 0x800F081F. Njira yake ndi kutsegula ISO (fayilo yoikira Windows) yofanana ndi yomwe ili m'makinamo n'kulemba DISM /Online /Enable-Feature /FeatureName:NetFx3 /All /LimitAccess /Source:D:\sources\sxs, kusintha D kukhala chilembo chomwe ISO yatenga. Nambala ya 1603 ndi yosalongosoka, imangoti kuika kwalephera. Ndimachotsa mtundu wakale wa pulogalamuyo, kufufuta za mu %temp%, kuona ngati pa disk ya C pali malo, kuyatsanso makina, n'kuyesa kachiwiri.

Pa Windows 7 nthawi zina palibe chokonza. Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 January 2020, Chrome inathera pa 109, ndipo mapulogalamu ambiri atsopano salowanso. Windows 10 nayo inafika pamapeto a chisamaliro chake pa 14 October 2025, pomwe ma OptiPlex akale ngati 7010 sakwaniritsa zofuna za Windows 11, yomwe imafuna TPM 2.0 (kachipangizo kachitetezo), ndipo purosesa ikakhala ya Intel, ikhale ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Izi ndimamuuziratu mwini wake.

Antivirus nayo imalanda zida zina zokonzera, makamaka zoonetsa mapasiwedi, chifukwa zimachita zofanana ndi zomwe vayirasi amachita. Ndimayang'ana pa Protection history, ndipo ngati ndikudziwa komwe chidacho chachokera, ndimapatula foda yake yokhayo, osati kuzimitsa chitetezo chonse. Koma pulogalamu yothyoledwa, ija imabwera ndi crack n'kukuuzani kuti muzimitse antivirus, siilowa m'makina omwe ndikukonza. Chimodzimodzi zija zimatulukira zokha pa sikirini n'kumati zapeza zolakwika mazanamazana, lipirani kuti tikonze. Zotsuka registry (kaundula wa Windows) sizifulumizitsa kompyuta mwanjira yoti mungaione, ndipo zosintha ma driver (timapulogalamu toyendetsa zida za m'kompyuta) mwaunyinji zimasiya makina opanda mawu kapena opanda netiweki. Driver ndimaisaka ndi Hardware Ids mu Device Manager: VEN_8086 ndi Intel, VEN_10EC ndi Realtek.

Windows ikakana kuyaka n'komwe, ntchito imasamukira pa fulashi. Pokonza fulashi yoyatsira kompyuta ndimakonda pulogalamu ya Ventoy chifukwa ma ISO angapo, monga Hiren's BootCD PE ndi Windows, amangokoperedwa pa fulashi imodzi. Rufus ndi yabwinonso, koma imafuna musankhe bwino: GPT ya makina a UEFI, MBR ya BIOS yakale. Mukasemphanitsa, fulashi siioneka pa mndandanda woyatsira. Ventoy ndi Rufus onse awiri amafufuta zonse za pa fulashi poikonza. Mukakopera mafayilo a Windows ndi manja pa fulashi ya FAT32, fayilo yaikulu ya install.wim ikhoza kukana chifukwa FAT32 siilandira fayilo yopitirira 4 GB. Poyatsa, Dell ndi Lenovo zimafuna F12, HP imafuna F9. Lowetsani fulashi kumbuyo kwa bokosi. Mabowo akutsogolo amadutsa pa kachingwe komwe nthawi zambiri kamakhala kotayirira. Uthenga wa Security Violation umachokera ku Secure Boot, chitetezo cha poyatsa makina: lembetsani kiyi ya Ventoy pa sikirini yomwe ikutulukayo, kapena zimitsani Secure Boot kwakanthawi. Musanakhudze zimenezi funsani ngati disk ili ndi BitLocker (loko wa Windows wotseka disk), chifukwa ikhoza kupempha kiyi ya manambala 48 yomwe mwini wake sanaionepo. Fulashi ikayaka koma disk osaoneka, onani ngati SATA ili pa RAID mu BIOS. Mukaisintha kukhala AHCI kuti mukopere mafayilo, muibwezere mukamaliza, apo ayi Windows idzaima pa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE.

Zida za Windows yomwe zimafunanso dongosolo. Ndimayamba ndi DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth, kenako sfc /scannow, chifukwa sfc imatenga mafayilo abwino m'nkhokwe yomwe DISM imakonza. DISM imatha kuima nthawi yaitali pa 62.3 peresenti ngati yafa, koma imakhala ikugwira ntchito, musaitseke. Ikanena kuti yasowa gwero, ndimaipatsa install.wim ya pa ISO ndi /Source pamodzi ndi /LimitAccess, nditaona kaye nambala ya mtundu wa Windows woyenera ndi DISM /Get-WimInfo. Zomwe sfc yalephera kukonza zimalembedwa mu C:\Windows\Logs\CBS\CBS.log. Ntchito zazitalizi, makamaka chkdsk ndi kusintha BIOS, sindiziyamba popanda UPS (batire losunga magetsi akathima). Magetsi akathima pakati pa kusintha BIOS, motherboard ikhoza osayakanso.

Chomaliza ndi fulashi yanu yomwe. Ikalowa m'makina odwala imatha kutuluka ndi vayirasi uja wosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Musadine ma shortcut amenewo, chifukwa ndi omwe amamuyendetsa. Mafayilo amakhala alipo, angobisidwa. Pa kompyuta yoyera, ndimaunika fulashiyo ndi antivirus, kenako mu Command Prompt ndimalemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* posintha E kukhala chilembo cha fulashi. Mafoda akabwerera, ndimafufuta mafayilo onse a .lnk ndi ena achilendo a .vbs, ndipo ndikatero m'pamene fulashiyo imaloledwa kulowa m'makina otsatira.