Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Masiku a feria

Paja tinalekezera pamene ndinalandira Ukaristia koyamba. Chaka chotsatira, mu 1991, ndinayamba kutumikira paguwa kuparishi kwathu ku Dedza. Anzanga ankalimbirana Misa ya Lamulungu, ya ng'oma ndi lubani. Ine anandiika pa Misa ya 6 koloko m'mawa mkati mwa sabata, poti kwathu kunali kufupi ndi tchalitchi, komanso agogo anga aakazi sankajomba Misa imeneyo.

M'chipinda chovaliramo ansembe munkalendewera kabuku kotchedwa Ordo, kokolekedwa ndi chingwe pamsomali. Kamatuluka chaka ndi chaka, ndipo kamanena mawerengo a tsiku lililonse, woyera amene tikumukumbukira, ndi mtundu wa chovala cha Misa. Ntchito yanga inali kuyang'anamo n'kuyala chovalacho. Masiku ambiri panalibe dzina la woyera aliyense, koma liwu limodzi lokha: feria.

"Abambo, kodi feria n'chiyani?" ndinafunsa wansembe wathu tsiku lina.

"Ndi tsiku wamba, mwana wanga, lopanda chikondwerero. Tenga chobiriwira."

Misa itatha anandikhazika pansi. Anati liwulo ndi Lachilatini, ndipo kwa Aroma akale feriae anali masiku opuma ndi kupembedza. Mpingo unalitenga n'kulipereka ku masiku a mkati mwa sabata, kuwerenga kuyambira pa Lamulungu. Ndiye Lolemba ndi feria secunda, tsiku lachiwiri, mpaka Lachisanu feria sexta, lachisanu ndi chimodzi.

Nditamva "secunda" mtima unagunda, chifukwa liwulo ndinkalimva tsiku ndi tsiku kunyumba. Agogo anabadwira ku Angónia, ndipo anawoloka malire mu 1986 pothawa nkhondo ya ku Mozambique. Chichewa chawo chinali chathu chomwechi, koma Lolemba ankaliti "sigunda". Ife ana tinkadabwa kuti tsiku loyamba kupita kusukulu likhala bwanji lachiwiri. Chipwitikizi chinasunga kawerengedwe ka mpingo: segunda-feira, terça-feira, mpaka sexta-feira. Ndinadzawerenga nditakula kuti m'zaka za m'ma 500, episkopi Martinho wa ku Braga, mzinda wa ku Portugal, ankadzudzula akhristu otchula masiku ndi mayina a milungu ngati Mars ndi Venus. Ife Achewa timawerenga potsata ntchito: Lolemba kulemba, Loweruka kuweruka. Agogo, amene sanapiteko kusukulu, ankawerenga kuyambira pa tsiku la Ambuye.

Si feria yonse imene ili yaing'ono ayi. Lachitatu la Phulusa nalo ndi feria, ndipo palibe chikondwerero chingalisunthe. Masiku oyambira pa 17 mpaka pa 24 Disembala nawonso ndi olemera. Koma amene anandilera ine ndi obiriwira aja.

Mukudziwa kuzizira kwa ku Dedza mu Juni. Nkhungu inkaphimba phiri, zala zanga n'kuuma moti machesi ankagwa ndisanayatse makandulo awiri aja. M'tchalitchi monse tinkakhalamo anthu asanu ndi awiri, mwina asanu ndi atatu. Nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu sitinkaimba, pemphero la Ndikhulupirira sitinkanena. Mkati mwa chete uja ndinkamva mawu a agogo akuyankha pansipansi, atagwada pa simenti, chitenje atafunda pamwamba pa juzi. Khasu lawo linkawadikira panja pakhomo. Misa ikatha ankalinyamula, ulendo wa kudimba kukapalira kachewere.

Mtendere utabwera mu 1992 abale ambiri anabwerera kwawo, koma agogo anatsala nafe. Anatisiya mu 1994, usiku wa Lolemba, sigunda yawo ija. Kutacha ndinapitabe kutchalitchi, misozi ili mbwembwembwe, chifukwa sindinadziwe kwina kopita. Ndinatsegula Ordo: feria. Ndikutulutsa chobiriwira, Abambo anandigwira dzanja.

"Bweza chimenecho. Lero ndi feria, ndiye tili ndi ufulu wochita Misa ya omwalira. Bweretsa chapepo, tiwapempherere agogo ako."

M'mawa umenewo khasu pakhomo panalibe. Za maliro awo, ndi abale amene anabwera wapansi kuchokera ku Angónia, ndidzafotokoza m'gawo likudzali.