Zoyenera kugula mu supamaketi yotchipa

Abale, mukalowa mu supamaketi yotchipa ngati Aldi kapena Lidl, yambani ndi zakudya zolembedwa dzina la sitolo yomweyo. Mpunga, pasita, shuga ndi tomato wam'chitini sizisiyana kwenikweni ndi za mayina otchuka, koma mumalipira zochepa.

Zimene ine ndimakonda kwambiri ndi ndiwo zamasamba zoumitsidwa mufiriji. Amaziumitsa atangokolola kumene, choncho michere yake imasungika, ndipo mumangotapa zokwanira kuphika tsikulo, zotsala siziwola. Yogati wosathira shuga nayenso musamusiye.

Tiyi ndi khofi gulani osakayika. Juwisi yekha werengani kaye pa botolo, chifukwa wina amangokhala madzi ndi shuga, chipatso chili pang'ono. Muziyang'ananso mtengo wa kilogalamu imodzi, poti paketi yaikulu sikuti imatchipa nthawi zonse.