Tsiku lomwe ndinasanduka Mchaina pa OR Tambo

Ine dzina la makolo anga ndi Ng'oma, ng'oma yeniyeni yoimba pa gule, ndipo kamchira kali pakati pa g ndi o ko sikokongoletsa ayi, mukakachotsa ndimasanduka ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana ija. Koma makompyuta kamchira kameneka amadana nako ngati kanawadyera mbuzi.

Chaka chatha kuntchito ananditumiza ku workshop ku Joni. Fomu ya pa intaneti ndalemba bwinobwino, kungodina submit yafiira, akuti invalid character. Ine character yanga yalakwa chani, munthu woti ngakhale abusa atha kundiikira umboni? Ndinalimbana nayo mpaka inalola, koma imelo itabwera akuti Dear Mr Ng&#39;oma. Mnzanga wa IT anati ndi mmene kompyuta imalembera kamchirako ikabalalika, usadandaule aise. Nane osadandaula.

Ndatsika pa bwalo la ndege la OR Tambo, maso pa anthu onyamula mapepala a maina aja. Ng'oma palibe. Ngoma palibe. Olo 39 yo palibe. Panali mkulu wina wa jekete yakuda atanyamula pepala lolembedwa MR NG, ndinamudutsa kambirimbiri mpaka tinayamba kumwetulirana ngati anthu oti akhalitsa pa mzere wa kuchigayo, uku foni ilibe network, njala ikundipotokola, m'thumba muli 50 rand yokha.

Patatha maola awiri ndinalimba mtima. Bwana, mukudikira ndani?

Iye akuti Mr Ng, mlendo wa ku China.

Kani system ya kampani yawo inadula dzina langa pa kamchira pomwepo, oma yense n'kumutaya, ndipo tsoka lake Ng ndi dzina lenileni, ku Hong Kong ndi ku Singapore aliko ambirimbiri. Nthawi yonseyi mkuluyu amathamangira Mchaina aliyense wotuluka pakhomo, ine mwini wake ndili pambali pake kuyasamula.

Ndinatulutsa pasipoti. Anayang'ana ine, anayang'ana pepala lake, kenako anaona m'munsi mwa pasipoti muja muli timivi <<< kuti alembamonso NGOMA wopanda mchira. Munthu mmodzi maina atatu! Anaimba kaye foni ku ofesi kwawo, diso lili pa ine ngati ndithawa ndi galimoto.

Ku workshop masiku atatu onse baji yanga inali Mr Ng. Ndinalakwitsa kubwera nayo kunyumba, pano akazi anga akapsa mtima amangoti a Ng, nsima yanu iyo, timitengo todyera mupeze nokha.