Suti Yakuda pa Benchi la Sarapis

Mwana wathu wamkazi, namwino uja wa ku Manchester, atatiuza kuti watigulira matikiti okaona dziko la Greece, ine sindinafunse za nyengo. Ndinangolongedza suti yanga yakuda, ija ndimavala pamaliro a anthu olemekezeka komanso tsiku lowerenga lipoti la zachuma kumpingo. Mayi akunyumba anayang'ana sutiyo, n'kuyang'ana mimba yanga, n'kuti, "Bambo, imeneyitu munasoketsa musanapume pantchito." Ndinawauza kuti nsalu yabwino sikalamba.

Tsiku lachitatu tinakwera boti ku Mykonos, ndipo patangotha theka la ola tinali pa Delos. N'kachilumba kouma gwa, mabwinja okhaokha, amphaka ndi abuluzi, mthunzi wochita kufunafuna. Wotiperekeza, mtsikana wachigiriki wolankhula ngati wailesi, anayamba n'kutiuza kuti mu 426 BC anthu a ku Athens anafukula manda onse pachilumbapo, n'kulamula kuti pasapezeke wobadwirapo kapena woferapo. Mayi anandigunda ndi chigongono. "Mwamvatu? Mukakomoka ndi sutiyo, mukakomokere m'boti."

Tinakwera kamtunda mpaka pa kakachisi kamene akatswiri amakatcha Sarapieion A. Apa m'pamene nkhani inandikoma. Mkulu wina dzina lake Apollonios, wansembe wochokera ku Memphis ku Egypt, anabwera pa Delos ndi mulungu wake Sarapis, n'kumamupembedza m'nyumba ya lendi. Anafa ali ndi zaka 97, mulungu adakali pa lendi. Mwana wake nayenso anafa mulungu adakali pa lendi. Ndiye panthawi ya mdzukulu, nayenso Apollonios, zaka pafupifupi 200 Yesu asanabadwe, Sarapis anatopa nazo. Akuti anamufikira kutulo n'kumuuza kuti agule poloti, amumangire yakeyake. Polotiyo inali malo odzaza ndowe. Mdzukuluyo anagula, n'kumanga m'miyezi 6 yokha. Ansanje sanachedwe, anamusumira. Koma tsiku la mlandu, malinga ndi zimene analemba pamwala, mulunguyo anamanga malilime a omuneneza, onse kukamwa yasa, mawu osatuluka. Ine amene ndinakhala pa lendi ku Ndirande zaka 14 ndinamumvetsa Sarapis bwino lomwe.

Kenako mtsikana uja anafika pa za magulu. Anthu opembedza Sarapis, Isis ndi Anubis ankakhala m'timabungwe, ankasonkha ndalama, kudyera limodzi, n'kugula zinthu zopereka kukachisi. Ena ankatchedwa therapeutai, kutanthauza atumiki. Ena enatistai, okumana pa 9 mwezi uliwonse, ena dekadistai, okumana pa 10. Ndinangoti mumtima, awa ndi anzathu a chipereganyu ndithu, ndipo sindikukayika kuti analipo wina amene tsiku losonkha ankadwala mutu. Chimene chinandigwira mtima monga msungichuma n'chakuti akagula benchi, ankalembapo mayina a osonkha, osati ndi penti ngati kwathu, koma mogoba pamwala. Padutsa zaka zoposa 2,000, lisiti likadalipo!

"Panalinso ena," anatero mtsikanayo, "otchedwa melanephoroi, ovala zakuda." Mzungu wina wa kabudula wamaluwa anandiloza. Gulu lonse linacheuka, kuseka, ena kuwomba m'manja. Ine m'malo mochita manyazi ndinadzimva kuti ndafika kwathu. Ndinakonza tayi. Ndinapatsa mayi foni. Ndinaona benchi loyera la mwala wa mabo, lolembedwa zilembo zachigiriki kutsogolo kwake, n'kuganiza kuti chithunzi cha pamenepa chikalowa pa WhatsApp ya madikoni, msonkhano wa Loweruka ukhala wa ine ndekha.

"Bambo, musakhalepo."

"Benchi analigulira kukhalapo."

Ndinakhala, mwendo pamwamba pa unzake. Mwalawo unali utawamba padzuwa kuyambira m'mawa, wotentha ngati chiwaya cha tchipisi, koma ndinalimba mtima chifukwa cha chithunzi. Nthawi yomweyo wezulo inalira, pyee! Mlonda wa pamalopo, mayi wamfupi wa chipewa chachikulu, akuthamanga akukupiza manja. Ndinadzambatuka ngati ndakhalira njoka. Ndipo kumbuyo kwanga kunamveka phokoso limene munthu aliyense wovala buluku lothina amalidziwa: kwee! Msoko unamasuka kuyambira palamba mpaka kutsogolo. Kamphepo kanalowa.

Tsikulo ndinavala kabudula wamkati wofiira. Wa ovala zakuda uja.

Panakhala bata ngati la omuneneza Apollonios. Mlonda anaima, wezulo ili pakamwa, n'kuyang'ana kumwamba. Mzungu wa maluwa uja anayamba kuwerenga mapu mozondotsa. Mayi okha ndiwo sanataye nthawi. Anapisa m'chikwama, n'kutulutsa chitenje, chifukwa mzimayi wa ku Malawi ngakhale apite kumwezi sasiya chitenje. Chinali cha msonkhano wa amayi, chamawu akuluakulu ndi nkhunda. Anandimangirira m'chiuno pamwamba pa jekete, akung'ung'udza, "Nsalu yabwino sikalamba."

Ndinkafuna kubwerera kuboti, koma mayi anati tikiti yalipiridwa. Tinakwerabe mpaka ku Sarapieion C, kachisi wamkulu wa milungu ya ku Egypt pachilumbapo, kumene kuli kanyumba ka Isis kamizati yoyera kamene kamaonekera kutali munthu ali panyanja. Kumeneko, m'munsi mwa phiri la Kynthos, ndi kumene mphepo ya meltemi imachitira masewera ake. Ndinangoti ndaima pakhomo, mphepo inanyamula chitenje n'kundiphimba nacho kumutu, kumunsi n'kusiya poyera. Kumbuyo kwanga kunali gulu lina la alendo, makamera ali m'manja. Nditadzivundukula ndinaona chiboliboli cha Isis chaima m'katimo, chopanda mutu. Pachilumba chonse ndi mayi yekhayo amene sanaone kanthu.

Mtsikana uja, pofuna kundipepesa, anapitiriza phunziro ngati palibe chachitika. Anati ena ankapereka kwa Isis makutu osula ndi mkuwa, poti ankamutcha mulungu womva mapemphero. Ndinamufunsa chapansipansi ngati Sarapis akadalandirabe madandaulo, chifukwa panali lilime limodzi limene ndinkafuna limangidwe tisanafike ku Chileka. Anaseka, n'kunena kuti ofesiyo inatsekedwa kalekale.

Lilimelo silinamangidwe. Tisanatsike n'komwe m'boti ku Mykonos, foni yanga inayamba kunjenjemera. Mayi anali atatumiza kale zithunzi ziwiri ku gulu la banja, cha pabenchi ndi cha pakhomo pa Isis. Mlamu wanga wa ku Kasungu anali woyamba kuyankha. Anafunsa ngati ofiirawo ndi yunifolomu ya bungwe, ndiponso kuti kulowa n'zingati.